Mphika wa Anti Binta

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, tikukhala ku Barking, kutsidya kwa nyanja, m'nyumba ya chinyezi pansanjika yachitatu. Bambo anga anathawa ku Malawi chifukwa cha ndale, ndipo mantha awo sanawasiye kumudzi. Mnzawo wina anamwalira atadya kunyumba ya munthu, choncho kwathu kunali lamulo losakambirana: chakudya cha eni sichidyedwa.

Khomo loyang'anana ndi lathu linali la Anti Binta, mayi wa ku Gambia wokhala yekha, amene ankakolopa pachipatala. Ankandiluka tsitsi, ndipo ndinkawakonda kwambiri. Lamlungu lililonse ankagogoda atanyamula mphika wa yasa, ndiwo ya kwawo ya nyama ndi anyezi wambirimbiri. Amayi ankalandira ndi manja awiri, n'kupinda mawondo pang'ono, poti kukana chakudya pakhomo ndi mwano. Chitseko chikangotsekedwa, ndiwo yonse inkathera m'bini. Ntchito yanga inali kutsuka mphika, kukaubweza, n'kunena kuti zinakoma. Bodza limeneli ndinalinena miyezi yambiri mpaka linasiya kundilemera.

Loweruka lina, mvula ikuwaza, Anti Binta anandiitana. Anati popeza ndiwo yawo ndimaikonda chonchi, ndibwere ndiiphunzire. Amayi anali kuntchito, bambo anali atachokapo, ndiye ndinapita.

Anandipatsa anyezi asanu ndi atatu. Ndinaseka, chifukwa kwathu anyezi mmodzi ankatha masiku awiri. Ndinadula mpaka maso anafiira psuu, iwo akundinena kuti ndikulira ngati mkwatibwi. Nyama ya nkhosa anali atainyika kale m'madzi a mandimu, masitadi, adyo ndi tsabola. Anaiwotcha kaye mpaka inada m'mbali, kenako anathira anyezi m'mafuta n'kuchepetsa moto. Nditafunsa za tomato anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati anyezi sathamangitsidwa, umamudikira afewe yekha mpaka atsekemere, ndiye n'kubwezeramo nyama. Tinadikira pafupifupi ola lathunthu, mawindo atachita nthunzi, iwo akundiuza za mwana wawo wamkazi amene anamusiya ku Gambia ali msinkhu wanga.

Zitapsa anatunga msuzi ndi supuni, anauzira, n'kundilozetsa kukamwa.

"Lawa. Undiuze ngati zikufanana ndi za sabata yatha."

M'kamwa munadzaza malovu, koma ndinabwerera m'mbuyo. Sikuti ndinkaganiza kuti angandiphe, poti chilichonse cholowa mumphikamo ndinachiona ndi maso anga. Ndinkangoopa bambo. Anti Binta anandifunsa kawiri chimene chavuta, ndipo ine ndinaulula.

"Sitidya, Anti. Adadi amati mwina muli poizoni. Timataya."

Sanakalipe. Anazimitsa moto, supuni ija n'kuiika musinki msuzi uli momwemo. Anafunsa kuti tinayamba liti kutaya, ndinati kuyambira tsiku loyamba. Anangogwedeza mutu, anandipukuta m'manja ndi kansalu, n'kunditsegulira chitseko.

Amayi atamva anandimenya mbama.

"Iwe, anakufunsa ndani? Sorry yake ndiiyamba bwanji?"

Kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira. Kawiri konse anamanga chitenje kuti akapepese, koma ankathera pachitseko chathu. Lamlungu linafika, palibe anagogoda. Anti Binta ankatipatsabe moni pamasitepe, moni wa anthu osadziwana, ndipo tsitsi langa sanaligwirenso. Chaka chisanathe anasamuka osatsanzika. Ndinalira mobisa, chifukwa panyumba dzina lawo silinkatchulidwa.

Bambo sindiwaweruza, anaona zimene ine sindinaone. Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu woulula, koma lero ndikudziwa kuti tinalakwa kale tsiku limenelo lisanafike. Tikanakana poyera Lamlungu loyamba, Anti Binta akanakhumudwa sabata imodzi basi. Ife tinasankha ulemu, ndipo ulemuwo unasiya mayi wotopa ndi kukolopa akudula anyezi miyezi yonse ija, akuganiza kuti akudyetsa mwana wa mnzawo.

Panopa yasa ndimaphika bwino ndithu, ana anga amanyambita zala. Amandifunsa ngati imakoma ngati ya amene anandiphunzitsa, ndipo ndimawauza zoona, kuti sindikudziwa. Yawo sindinailawepo.