Lazalo, Polisi wa Mganda

Lazalo Kamtedza anachoka ku Ntchisi ndevu zikungomera kumene, nayenda pansi ndi anzake mpaka anafika pa famu ina ya fodya kufupi ndi Marondera. Ankati angogula njinga n'kubwerera. Njingayo anaguladi, koma kubwerera ayi. Anakwatira Lestina, mtsikana wa mu kwaya ya pa komboni pomwepo, nabereka Emilia, ndipo pofika zaka za Chitaganya chilankhulo chake chinali chitayamba kale kusakanikirana ndi Chishona.

Ntchito yake inali yosonkhezera moto m'mabani owotchera fodya. Sanali wamtali, sanalinso wolimba mtima kwenikweni. Agalu a bwana ankawalambalala patali. Chimene ankadziwika nacho ndi mganda. Amuna a ku Nyasalande anali ndi gulu lawo lovina lomwe ankalitcha boma, ndipo monga boma lililonse linali ndi maudindo. Kingi anali kapitao wa pa famupo. Ajutanti anali Kingston, mnyamata wa chifuwa chachikulu woyendetsa ngolo. Polisi anali Lazalo.

Kabudula ndi malaya ake a khaki Lestina ankazisita ndi simbi ya makala mpaka mizere yake inkaonekera patali. Chipewa chinali cha katoni yokutidwa ndi nsalu yofiira, baji yake yodula pa chitini cha nsomba, ndipo ndodo inali bango lopakidwa polishi wakuda. Chenicheni pa zonsezi chinali wenzulo yekha. Lazalo akamuliza kamodzi, boma lonse linkaima njo, zidendene pamodzi, manja m'mbali, ngakhale nyimbo ili pakati.

Chaka china, nthawi yothyola fodya, pa komboni panabwera wakuba. Masana nyumba zinkatsala zokha, amuna ali kumunda, akazi ali kushedi kosokera fodya ndi ana awo. Kunayamba kusowa mbatata ndi ufa wa phoso. Kenako bulangete la mayi Tereza, wamasiye wa ku Tete, linachoka pachingwe. Pomaliza anasowa tambala wa Kingston.

Ena anati akauzidwe bwana, koma kapitao anapukusa mutu.

"Mzungu akamva, abwera ndi apolisi enieni, afufuze nyumba ndi nyumba," anatero. "Ndani pano alibe mlamu wopanda chitupa, kapena mgolo wa mowa kuseri kwa chitseko?"

Ndipamene Kingston ananena kuti a m'boma amene asinthana ntchito n'kukhala pakhomo masana azivala yunifomu n'kumazungulira komboni. Wakuba akaona khaki, aganiza kawiri. Lazalo anavomera msanga kuposa mmene anayenera. Yunifomuyo ankaikonda, ndipo kuivala Lamulungu lokha kunkamuchepera.

Poyamba zinali zosangalatsa. Nkhalamba zotsala pamakonde zinkawaimikira sailuti ndi dzanja lolakwika. Amayi anayamba kumubweretsera Lazalo milandu ya mbuzi zodya mpiru wa eni, iye n'kumagwedeza mutu ngati akumvetsa malamulo.

"Bambo a Emilia," anatero Lestina tsiku lina akuuzira simbi, "makala akutha. Boma lanuli lindilemba liti ntchito?"

Koma Kingston anayamba kusintha. Kandodo kake kovinira anakasiya, natenga chikoti cha ng'ombe. Amayi Achishona obwera kudzagulitsa matimati ankawaimitsa panjira n'kuwafunsa chitupa, ndipo pobwerera matumba ake ankakhala ndi mazira. Lazalo ankaona, koma sankamuletsa. M'boma Ajutanti ndi wamkulu kwa Polisi.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, anaona utsi m'nkhalango ya bulugamu kuseri kwa komboni. Anapitako anayi: Lazalo, Kingston ndi ovina ena awiri. Anapeza munthu wowonda, mapazi ong'alukang'aluka, atakhala pa bulangete la mayi Tereza akuotcha mbatata, nthenga za tambala zili mbwee pambali pake.

Munthuyo sanathawe. Ataona khaki ndi chipewa chofiira, anagwada, natambasula manja onse awiri zikhatho zitayang'ana kumwamba, natembenuzira nkhope kumbali atatsinzina. Lazalo sanamvetse. Anamutenga kupita naye ku komboni, ndipo atangofika pabwalo anagwadanso chimodzimodzi.

Inali nthawi yopuma, anthu akubwera kudzadya, moti posakhalitsa bwalo linadzaza. Mayi Tereza anadutsa pakati pa anthu kuti alande bulangete lawo, koma ataona manja aja anaima.

"Akudikira mbalamatodya," anatero. "Kwathu asipayi a Apwitikizi amamenya m'manja ndi thabwa lobowolabowola. Chipewa chawo n'chofiira ngati chanucho, aLazalo."

Anamulankhula munthuyo m'kalankhulidwe ka kwawo, iye n'kumayankha chapansipansi. Dzina lake anali Januario. Anathawa chibalo, ntchito yokakamiza yophwanya miyala ya msewu, nayenda m'tchire mpaka kuno. Chitupa analibe, n'chifukwa chake ankaopa kupempha ntchito.

"Zimenezo n'za ku Tete," anatero Kingston. "Tambala wanga anali wa kuno. Alawe chikoti kaye, kenako tikamusiye kwa bwana."

Aliyense ankadziwa kumene njira ya kwa bwana inkathera: galimoto ya apolisi, malire, ndi asipayi omwe aja. Komabe ena anavomereza, makamaka amene anagona ndi njala chifukwa cha ufa wawo. Mbava ndi mbava, ankatero. Ovina awiri aja anamugwira Januario m'mapewa, ndipo Kingston anakweza chikoti.

Lazalo anayang'ana manja a Januario. Munthu ameneyu sanagwadire Kingston. Anagwadira chipewa chimene Lestina anasoka pa mpando wawo wa pakhonde. Asanaganize n'komwe, anapeza kuti wenzulo ali kale pakamwa. Anamuliza kamodzi.

Miyendo inamva mitu isanamve. Kingston ndi anzake awiri aja anaima njo, zidendene n'kugundana, manja m'mbali, chikoti chili lende ngati mchira wa ng'ombe. Ngakhale kapitao, amene ankangofika kumene, anaima pomwepo chipewa chili m'manja.

Woyamba kuseka anali Lestina. Anaseka mpaka anakhala pansi, akazi ena n'kumutsatira, ndipo munthu amene wasekedwa ndi akazi a komboni yonse savuta kumulanda chikoti. Kapitao anangochisolola m'dzanja la Kingston n'kuchiika kukhwapa.

Lazalo anavula chipewa nachiika m'manja otambasula aja.

"Tatembenuzani, achimwene."

Januario anatsegula maso natembenuza. M'kati munali katoni ya sopo, kuseri kwa baji kukuoneka mchira wa nsomba. Lazalo anamupatsanso ndodo. Ataifinya pang'ono, bangolo linati phwa.

"Nanga ndinu ndani?" anafunsa Januario.

"Ndife ovina. Ine ntchito yanga n'kusonkhezera moto."

Kenako Lazalo anatembenukira kwa anthu. "Mlandu ulipo, sindikukana. Koma si wa khaki iyi. Obedwa ndi awa, anene okha."

Mayi Tereza ananena kuti bulangete alichape ndi sopo, osati ndi madzi okha, ndipo aziwatolera nkhuni mpaka mvula ithe. Eni ufa anati aziwatungira madzi. Mayi wina anakana zonsezo, nati mbatata zake akuzifuna mbatata zomwe, ndipo anagwirizana kuti Januario adzamulimira mizere kudimba.

"Nanga tambala wanga?" anafunsa Kingston.

"Tambala wanu analipiridwa kale, aAjutanti," anayankha mayi Tereza. "Mazira a amayi a matimati aja akanaswa, bwenzi muli ndi khola."

Kapitao anadikira kuti phokoso lithe. Anati nthawi yothyola fodya bwana amafuna manja, safunsa zambiri. Mawa amulowetsa m'gulu la kumunda, za chitupa aziona fodya akatha. Kenako anatsokomola, nalankhula ngati Kingi. Popeza munthuyu wathyola ndodo ya Polisi, Lamulungu asenza ng'oma yaikulu kupita ku mpikisano wa pa famu yoyandikana, ndi kubwera nayo.

Madzulo ake Lazalo anapinda yunifomu naiika m'bokosi, ndipo sanaivalenso tsiku la ntchito. Nkhuku sizinaleke kusowa mwa apo ndi apo, ndipo ena ankamudandaula kuti wataya komboni. Iye ankangoti aitane kapitao ndi anthu onse pabwalo.

"Khaki ikavina Lamulungu imakhuta," ankatero. "Ikayenda Lachiwiri imayamba kufuna mazira."

Kingston sanamulankhule kwa kanthawi, koma mganda sungavinidwe ndi anthu osayang'anana, ndiye zinatha zokha.

Januario anasenza ng'oma Lamulungu limenelo, nasenzanso Lamulungu lotsatira popanda womutuma. Anakhazikika pa famupo, namanga kanyumba kuseri kwa mayi Tereza, amene ankamutcha mlongo wawo akakhala kuti nkhuni zabwera zouma. Kwa nthawi yaitali, Lazalo akamadutsa atavala chipewa chofiira chija, Januario ankabisa manja kumbuyo, ngakhale ankadziwa bwino za katoni ya sopo.

Woimba ng'oma wakale atabwerera kwawo ku Dowa, boma linapereka timitengo toimbira kwa Januario. Lamulungu loyamba, Polisi anadutsa patsogolo pake penipeni, khaki itasitidwa bwino, bango latsopano kukhwapa. Januario sanamuone n'komwe. Manja onse awiri anali pa ng'oma.