Telala Amene Ankabweza Madiresi a Mwana Wake

Mwana wamkazi wa telala wina anayamba kuimba asanadziwe n'kulowetsa ulusi m'singano komwe. Anali wochepa thupi, mwakuti mayi ake asanatsikire kulichete ankangomutcha Timba, ndipo dzinalo linamukanirira. Akaweruka kusukulu ankakhala pansi pa tebulo lodulirapo nsalu n'kumaimba motsatira kulira kwa makina a bambo ake, makasitomala mpaka kuiwala chimene adzera.

Atangomaliza sukulu anajambulitsa nyimbo yake yoyamba. Pasanathe miyezi itatu inali ikulira m'mabasi, m'masaluni ndi m'mafoni a anthu osamudziwa n'komwe. Anapeza womuyendetsera zoimbaimba, bambo wina wa mafoni awiri, nayamba kuyenda m'mizinda. Koma chovala chokwera nacho pa siteji sankalola kuti asoke wina.

"Ababa, matelala enawa amabaya ndi mapini," ankatero.

"Nanga ine sindikubaya?"

"Inu mukabaya mumapepesa."

Woyamba kuona anali telalayo. Maso a anthu amanamizidwa ndi magetsi a pa siteji, koma tepi yoyezera sinamizidwa. M'chaka chachitatu, diresi losokedwa mwezi wathawo linabwera likukhwepa m'chiuno. Analibweza kuti limukwane. Patapita milungu ingapo analibwezanso. Mafupa a m'mapewa anayamba kutukula nsalu.

"Mayi, ukumadya koma?"

"Ndi maulendowa, ababa."

"Ndakuona ukugwira pamimba. Tiye kuchipatala lero lomwe, shopu nditseka."

"Ndimalize kaye mashoo asanu ndi atatu atsalawa. Akamva kuti ndikudwala, mawa lomwe aika wina. Atsikana oimba angoti mbwee." Anawagwira dzanja bambo akewo. "Mungondiikira kansalu m'katimu kuti ndidzaze. Loweruka kuli kujambula zithunzi."

Telala anakana. Anakalipa, anachonderera, anapita kwa bambo wa mafoni awiri uja, amene anangoti, "Achikulire, ameneyu ndi wamkulu, akadwala anena yekha," uku akuyankha foni. Tsiku lotsatira Timba ananena motsitsa mawu kuti, "Mukakana ndipita kwa telala wina." Bamboyo anaona kuti zikatero sadzamuyezanso, ndipo sadzadziwanso kanthu.

Choncho anasoka. Anaika thonje lopyapyala m'mapewa, nsalu ziwiri m'chiuno, manja aatali obisa mikono, pa madiresi a siteji ndi oyendera omwe. Luso lake lonse la zaka makumi anayi analithera pamenepo, ndipo msoko sunaoneke. Zithunzi zitatuluka anthu anati Timba wanenepa, kutchuka kwamuyanja. Ngakhale azakhali ake, amene akanatha kumukokera kuchipatala atamugwira khutu, anaimba foni kuyamikira kuti mwana akuoneka bwino.

Anaimba mashoo asanu ndi imodzi. Pokonzekera yotsatira, masana dzuwa likuswa mtengo, anakomoka pamaso pa oimba anzake. Kuchipatala namwino anachita kudula diresi ndi sizasi. Thonje litagwa pansi anaima kaye, n'kuyang'ana telalayo. Dokotala anati chotupa cha m'mimba chinali chitafalikira kale, ndipo akanabwera miyezi inayi yapitayo mwina akanayesako.

"Kunyumba simunaone kuti akutha?" anafunsa dokotalayo.

Telala anatembenuka n'kubwerera kumene kunagona mwana wake.

Anakhala pambali pa bedi milungu iwiri, akumunyowetsa milomo ndi kansalu. M'mawa wina Timba anatsegula maso nati, "Ababa, musadziimbe mlandu. Ndinakuumirizani ndine."

"Iwe unangopempha, mwanawe. Manja anali anga."

Timba anafuna kutsutsa monga mwa chizolowezi chake, koma mpweya unamuchepera. Anatisiya tsiku lomwelo, asanakwanitse zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Shopu inatsegulidwanso patapita mwezi. Atsikana ankabwera ndi zithunzi m'mafoni, kufuna diresi longa la Timba. Telala ankayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako n'kubweza foniyo.

"Limeneli sinditha, mwanangu," ankatero. "Kayeseni kwina."