Bambo Paison Mbewe ndi Khadi la Katemera

Akhristu a ku Kapata tidzawakumbukira Bambo Paison Mbewe, telala wa pakhonde, amene anasoka nsalu za pa guwa kwa zaka makumi anayi. Anabadwira ku Chiparamba mu 1947. Makolo atamwalira, mlongo wawo Dolika ndiye anawalera, kuwaphunzitsa kolona ndi kagwiridwe ka singano. Dolika atakwatiwa ku Mchinji, ku Malawi, iwo anabwera m'tauni, nakwatira Mayi Rosina.

Sankalankhula zambiri. Akasoka chovala ankabweza ngakhale kachidutswa kotsala. "Si kanga," ankatero.

Mayeso aakulu anawapeza atakalamba, m'nthawi ya mliri wa Kovidi. Foni inabwera kuchokera ku Mchinji kuti Dolika ali kayakaya ndipo akuitana mlongo wake. Atafunsa za ulendo, anauzidwa kuti pamalire akufuna khadi la katemera, loonetsa kuti patha masabata awiri chibayitsireni. Iwo anali asanabayitse. Ankaopa, poti m'komboni munali mphekesera zoti katemerayo akupha okalamba.

Mmawa mwake mwana wawo Simoni anaika khadi pamakina osokera, dzina lawo litalembedwa kale, chidindo chilipo.

"Atate, kwerani basi lero. Palibe adziwe."

"Analemba kuti ndinabayitsa?"

"Ndi pepala chabe! Azakhali akumwalira!"

Bambo Mbewe analigwira khadilo. Anaona nkhope ya Dolika m'maganizo mwawo, misozi ili m'maso. Kenaka analibweza.

"Ndikagone m'nyumba ya wodwala ndi bodza m'thumba? Nanga ndikawatengera matenda, kapena kubwera nawo kwa amako?"

Tsiku lomwelo anapita kuchipatala, kolona ili m'manja. Anafunsa namwino ngati jekeseniyo ingawaphe.

"Ayi, agogo. Katemera amangoonetsa thupi maonekedwe a kachilombo, kuti kakadzalowa, thupi likazindikire msanga ndi kulimbana nako. Mwina mumva kuphwanya m'thupi pang'ono."

Thupi linatenthadi masiku awiri. Mayi Rosina analira, anansi akunong'onezana kuti zija ankanena zayamba. Tsiku lachitatu Bambo Mbewe anadzuka, nayamba kudikira. Foni ikalira, mtima unkangoti phwii. Simoni ankabwera tsiku lililonse ndi khadi lija, iwo nkupukusa mutu.

Pa tsiku la khumi ndi chimodzi, Dolika anamwalira.

Bambo Mbewe anawoloka malire masiku atakwana, nakagwada pamanda atsopano kufikira dzuwa litapendeka. Atabwerako sanadandaulire munthu, ngakhale Simoni anatha chaka osaponda pakhomo pawo. Lamulungu lililonse iwo ankaperekeza okalamba anzawo amantha kukabayitsa, nkumawagwira dzanja.

Chaka chatha mphamvu zinayamba kuwathera. Iwo atalandira Sakramenti la Odwala, Simoni anakhala pambali pa mphasa nafunsa:

"Atate, za azakhali zija, simunong'oneza bondo?"

"Zimandipweteka tsiku lililonse, mwana wanga. Koma ndikakakumana nawo, ndikawayang'ana m'maso."

Anatsinzina masana omwewo, mwakachetechete, dzanja lawo lili m'dzanja la Simoni. Atisiyira chitsanzo cha munthu amene anasunga choona ngakhale pamene chinamuliza. Mzimu wawo uuse mumtendere.