Thabwa la a Simwaka

Ndine ndinayambitsa, Lusekelo mnzanga anangotsatira. Mpaka lero fungo la mlombwa wouma limandikumbutsa chilimwe chomwe ndinali mu Sitandade 7. Bambo anali atangowasamutsa ku Ntcheu kudzaphunzitsa ku Chitipa, ndipo nyumba ya lendi ku Lufita anaipeza movutikira.

Masiku amenewo tinkathera ku vidiyo. Mu filimu ina tinaona mkulu wa karate akumenya thabwa loimika mpaka zibakera zake kuuma gwa. Ndinati nafenso tipange lathu. Pansi pa denga la khitchini panali matabwa a mlombwa asanu ndi limodzi, okutidwa bwino ndi pulasitiki. Ndinasolola lonenepa kwambiri. Tinalidula ndi chikwanje, n'kulisema kumtunda kuti lizinjanja ukalimenya. Kuseri kwa bafa tinakumba dzenje lofika m'mawondo, n'kulitsendera ndi miyala. Kumutu kwake tinakulungako saka, n'kumanga ndi chingwe cha khonje.

Tinkalimenya tikaweruka, mphepo ikutithira fumbi m'mano. Khonje linkasenda khungu, ife n'kumathira mchere pa zilonda, ati ziume msanga.

Loweruka lina kunabwera a Simwaka, eni nyumba, mkulu wa imvi woyenda pa njinga yopanda mabuleki. Anapereka moni wa kwawo, "Mwaghona," n'kupita ku khitchini ngati mwa masiku onse. Kenako anatsata phokoso, n'kundipeza ndili chibakera m'mwamba. Anavula chipewa, n'kuyang'ana thabwalo nthawi yaitali.

"Aphunzitsi," mkuluyo anaitana bambo anga, "mwana wanu wayamba kundikwirira ndili moyo. Awa ndi matabwa a bokosi langa. Ili linali la pansi, logonapo msana."

Ine ndinaseka, sindinama. Koma atanena kuti mwezi ukatha tipeze kwina, bambo anagwada pa fumbi ndi thalauza lawo la kutchalitchi. Amayi anagwira nkhuku. Mkuluyo nkhuku anaikana, anati nkhuku sagonapo munthu. Ankafuna thabwa, ndipo wolicheka akhale yemweyo analiononga.

Holide yonse ndinathera ku Kaseye kwa ocheka matabwa. Anandiika m'dzenje, pansi pa chipika, kukoka sowo utuchi ukundigwera m'maso ndi m'kamwa. A Simwaka ankabwera kudzayeza ntchito ndi chikhatho. Thabwa litatha analigoneka pansi, n'kugonapo chagada, manja pachifuwa. "Lakwana," anatero. Nyumba sitinachokemo.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndi nkhalamba yokonda zoseketsa. Pano ndili Fomu 3, ndipo ndikudziwa kuti ana awo onse anapita ku Tanzania osabwerako, moti bokosilo akanawagulira ndani? Koma kunena zoona chilangocho sichinandiwawe. Ndinabwerera kusukulu manja ali ngati chikopa cha ng'ombe, Lusekelo akadali kuthira mchere pa ake.