Mphini za Pamsana pa Mwana Wanga

Mwana wanga anagwa pa masitepe a fulati yathu ku Nechells titangofika kumene ku England, ndisanadziwe n'komwe basi yopita m'tauni. Bambo ake anali ku shifiti ku Wolverhampton, kosamalira okalamba, foni atazimitsa. Mkono wa mwanayo unapindika pamalo posapindika. Ambulansi inatitenga ine ndili ndi patapata wa m'nyumba.

Kuchipatala cha ana ovulala anamuvula malaya kuti amupime paliponse. Dokotala wachinyamata ataona msana anasiya kupima. Anaitana nesi, nesiyo anaitana mnzake, onse kuwerama, kulozerana ndi zala.

Zinali mphini. Apongozi anga anamutemera kwathu ku Malawi ali wakhanda atadwala chifuwa chosamva mankhwala, ine nditapita kumsika. Ndinalira tsiku limenelo, koma apongozi amawakalipira ndani? Timizere takuda tating'ono, tinapola kalekale.

Chizungu changa n'cha ku pulayimale, cha moni ndi zikomo. Koma nditamva akutchula a sosho, a boma oona za ana, ndinamva bwinobwino, chifukwa kutchalitchi amayi amanong'onezana kuti anthu amenewo akangokukayikira, mwana amapita osabwerako.

Anandibweretsera womasulira, mayi wa kwathu ku Malawi, wofika ku yunivesite, wonunkhira bwino. Ndinati basi ndapulumuka. Iye anasuzumira msanawo n'kukwinya mphuno.

"Asisi, zinthu izi mpaka kuno? Mukutichititsa manyazi."

"Chonde auzeni kuti si ine. Auzeni kuti unali mankhwala."

"Mankhwala a lezala? Ndiyambire pati?"

Mpaka lero ndikakumbukira mphuno imeneyo ndimafuna kulavula. Iyeyo akanavula bulauzi, mwina tikanazipeza zake.

Dokotala uja anati tidikire mkulu wa madokotala a pamenepo. Sanalipo, anali ku maphunziro. Ndinafunsa kuti munthu wamkulu choncho akuphunziranso chiyani mwana wanga akubuula? Womasulira anati oyang'anira zipatala za ana ovulala amayenera kubwerera ku maphunziro nthawi ndi nthawi, apo ayi udindowo suwayeneranso. Zinandinyansa. M'maganizo ndinkamuona ali pampando wofewa, akumwa tiyi, ife tili pano. Zoona, mkono anali ataumanga, mankhwala a ululu atamupatsa, koma kutuluka sanatilole, ndipo nesi mmodzi sankachoka m'chipindamo. Ndikagwira mwana, maso ake ali pa zala zanga. Mwana akati, "Amayi, tiyeni kunyumba," ine kumwetulira ngati chitsiru, kumusisita mutu mopitiriza, kuti nesiyo aone kuti ndimamukonda. Mwana wobereka ndekha!

Mkuluyo anafika dzuwa litapendeka, mayi wa imvi, chikwama chikadali paphewa. Asanakweze malaya a mwana anayamba wandipempha, woyamba kupempha tsiku lonselo. Anayang'ana, anapapasa, n'kufunsa kuti anatema ndani, liti, ndiponso ngati alipo wina kuno amene angamutemenso. Ndinati palibe, ndipo sindingalole. Anafunsa za masitepe, ndinafotokoza, womasulira akudula mawu anga pakati. Kenako anauza anzake kuti zipsera zotere anazionapo pa zithunzi ku maphunziro ngati omwewo, n'zakale, si za dzulo. Anati atumizabe munthu kunyumba kudzationa, koma mwana ndipita naye.

Ndisanapume n'komwe anapempha china. Ankafuna kujambula msanawo, nkhope ayi, kuti akaonetse akuluakulu anzake akadzakumananso. Msana wa mwana wanga pakhoma, anthu osawadziwa akupukusa mitu uku akutafuna mabisiketi! Ndinadziwa kuti nawonso msana umene watiombola lerowu, wa pa zithunzi zija, unali wa mwana wa mayi wina. Komabe sindinafune.

"Ingovomerani, asisi, musavute," anatero womasulira.

"Afunseni kuti ndikakana, mwana andilanda?"

Anafunsa monyinyirika. Mkuluyo anandiyang'ana m'maso n'kupukusa mutu, anati chithunzi n'china, kupita kunyumba n'china.

"Ndiye lero ayi. Wavulidwa kokwanira."

Mkuluyo anangogwedeza mutu, anati adzandifunsanso tsiku lochotsa pulasitala. Ndinatsitsa malaya a mwana, ndinamubereka ndi juzi yanga, mkono womangawo uli panja. Ndinayenda mukhonde lonse lija ndikudikira dzanja paphewa panga. Chitseko chinatseguka chokha, mphepo yozizira inatimenya, ndipo palibe amene anatiitana.