Theka la vesi

Ababa anali otchola tiyi ku esiteti, ndipo m'nyumba mwathu ku malayini a antchito munali lamulo losaphwanyika: mbatata ya m'mawa sudya usanamalize vesi. Iwo ankayamba theka uku akumanga pulasitiki m'chiuno yotchingira mame, iwe umalize theka linalo. Ukakakamira, ankatsegula Baibulo lawo lokutira ndi pepala la shuga n'kukuwerengera kawiri, basi. Ine zinkandinyansa. Mwana wanjala aziloweza Masalimo mbatata ikuzizira pambale?

"Pepala limanyowa, mwanawe," ankatero. "Chiswe chimadya. Koma cha m'mutu palibe angakulande."

Ndinadzawakhulupirira maso awo atachita ng'ala. Baibulo linangokhala pawindo, koma kutchalitchi ankanena chaputala chathunthu pamtima, ophunzira omwe akusuzumira m'mabuku kuti awagwire polakwa. Sanawagwirepo.

Lamulo lawo lachiwiri linali la Chilomwe. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo Ababa ananyozedwa nacho ali mwana mpaka kuchita nacho manyazi, moti ife anatilera ndi Chichewa chokhachokha. Abale awo akabwera n'kuyamba chakwawo, ana tinkathamangitsidwira panja.

Sitiroko inawagwira atapuma ntchito, tikukhala kumudzi kufupi ndi Limbuli, ine ndili kale ndi ana awiri. Anatsitsimuka dzanja lamanja lili lende, Chichewa chonse chitawathawa. Pakamwa panangotsala Chilomwe cha ubwana wawo, chomwe ine mwana wawo sindichimva. Ndinaitana mayi wina wachikulire woyandikana nafe kuti andimasulire. Anatchera khutu kwa nthawi, kenako anati lilime lalemera, akungotolapo mawu amodziamodzi: mvula, mudzi winawake, amayi awo.

Chimene ndinkafuna kudziwa n'chimodzi: kodi mavesi aja akadalimo? Ngati akadalimo, ndiye kuti Ababa nawonso akadalimo. M'mawa uliwonse ndinkawakhazika pamkeka, kuwawerengera, kenako kuyamba theka la vesi n'kudikira. Ankangondiyang'ana ngati mlendo wofunsa njira. Abusa ankati Mulungu amamva ndi za mumtima zomwe. Ndinkavomera ndi mutu, koma sindibisa, Mulunguyo ndinali nditamukwiyira. Munthu wasunga mawu anu zaka zonsezi, inu osamusiyirako ngakhale mzere umodzi?

Tsiku lina mtima unandipsa. Ndinayamba vesi lomwe iwo ankalikonda, ndipo atakhala chete ndinakokera mbale kumbuyo kwanga.

"Malizani, Ababa. Simudya musanamalize."

Anayang'ana pomwe panali mbale, n'kuyang'ana ine. Kenako anayankhula Chilomwe, mawu ataliatali, okwera ndi kutsika, misozi ikutsikira m'ndevu. Ndinathamanga kukaitana mayi uja, koma anali atapita kudimba. Pobwerera ndinapeza atatambasula dzanja lamoyo lija, akuyesa kufikira mbale. Ndinawasendera mbatata n'kuwadyetsa mwamanyazi.

Anamwalira dzinja la chaka chomwecho. Mpaka lero sindidziwa ngati tsiku lija anamaliza vesi m'chiyankhulo cha amayi awo, kapena ankangondipempha chakudya.

Baibulo ndimawerengabe m'mawa uliwonse, ndipo mavesi onse ali m'mutu muno, palibe wandilanda. Koma lija lokha ndikaliyamba ndimaima pakati. Ana anga amaseka, amati amayi aiwala, n'kundimalizira.