Mabaluni a m'chikwama cha amayi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Kalikiliki mumzinda wa Lusaka, ndipo manja anga sankamva. Loweruka lina masana ndinapisa m'chikwama cha amayi kufuna switi, m'malo mwake ndinapeza timapaketi tonyezimira. Ndinang'amba kamodzi, n'kupeza baluni loterera, lonunkha mphira. Posakhalitsa ana onse a mumzere wathu anali kuthamanga ndi mabaluni, ine ndikuyenda monyada ngati mwini sitolo.

Atate anatulukira kuchokera ku Kalingalinga kumene ankapala matabwa, utuchi uli mbuu m'tsitsi.

"Wavichotsa kuti ivi?" anandifunsa.

Ndinawauza mosangalala.

Analowa m'nyumba, chitseko osatseka. "Mkazi wa pa nyumba asunga makondomu ya chani? Uli na mwamuna wina!"

"Nilibe wina ine," anayankha amayi. "Ndimwe muli na uja wa ku Kamwala. Nifuna chabe kukulisa bana banga."

Anawamenya mpaka diso kutsekeka. Aneba anangoima pampopi, amvekere ni nkhani za m'nyumba. Ine ndinabisala kuseri kwa chimbudzi.

Ndinkadikira chikwapu, koma sichinabwere. Amayi anandiitana, akuthowa diso ndi kansalu. "Iwe sunalakwe," anatero. "Nakhala nivisunga miyezi itatu, kuyopa kukamba. Manje vakambika."

Achibale anabwera kudzawauza kuti ukwati n'kupirira. Amayi anawamvetsera mwaulemu, kenaka anasenza matiresi, ine ndi mlongo wanga wamng'ono pambuyo, ulendo wa ku komboni ya George kwa mnzawo wogulitsa naye tomato. Anakayezetsa kawiri, kachilombo sanawapeze nako. Atate anadwala patapita zaka zochepa, anakana kupita kuchipatala, ndipo tinawaika. Ndinawalira, pakuti anali atate anga. Amayi alipo mpaka lero, akukangana ndi adzukulu.

Ndakula tsopano, ndipo ndimaseka ndikamva anthu akunena kuti akazi osauka amatenga matendawa chifukwa cha umbuli. Amayi ankadziwa zonse. Chimene ankasowa ndi khomo loti akagogode akanena kuti ayi. Pakanapanda mnzawo uja, akanapirira, ndipo bwenzi ndili wamasiye wopanda makolo onse awiri.

N'chifukwa chake chipinda chakumbuyo kwanga kuno ku Mtendere sindichititsa lendi, ngakhale ofuna amabwera. Mkazi aliyense mumzere wathu akudziwa pamene ndimaika kiyi.